Funso pa kuletsedwa kwa chipani cha Batasuna ku Spain

Akuluakulu odziwa malamulo, ndithandizeniko. Mu Malichi 2003 Khothi Lalikulu la Spain lidathetsa Batasuna, chipani cha sosholizimu chomenyera kuti dera la Basque lidziimire palokha, pogwiritsa ntchito lamulo la zipani la 2002. Lidati chinkagwirira ntchito gulu la zigawenga la ETA, ndipo khothi la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, lomwe lili ku Strasbourg, lidavomereza chigamulochi mu 2009.

Pondivuta ndi pa umboni. Kodi kukana kudzudzula kuphedwa kwa anthu kunali kokwanira pakokha, kapena padafunikanso kuonetsa kuti ndalama ndi atsogoleri a Batasuna ndi ETA anali amodzimodzi?

Nanga Sortu (chipani chatsopano chomwe chidabwera m'malo mwa Batasuna), yomwe Khothi Lalikulu lidaikaniza kulembetsa mu 2011, koma khothi loona za malamulo oyendetsera dziko nkuilola mu 2012, idalemba chiyani kwenikweni m'malamulo ake chokana ziwawa? Amene mudawerenga zigamulozi, chonde ndimasulireniko.