Kusintha oyilo ndi fyuluta pakhomo pa RunX ya 2005: ndingaithe ndekha?

Wamaluwa_Thyolo:

Akuluakulu, ndigaireniko nzeru. Ndili ndi Toyota RunX ya 2005, injini ya 1.6, yosintha magiya pamanja. Ndinaigula kwa abwana anga ku Randburg komwe ndimasamalira maluwa ndi dziwe losambiramo. Yayenda makilomita opitirira 230 000 koma siifuka utsi ndipo oyilo siimwa kwenikweni. December ikubwerayi ndikufuna ndipite nayo kumudzi, kudzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndili ndi mayi a kunyumba, ana awiri ndi katundu mpaka kudenga.

Kugalaja mtengo umene andiuza wa oyilo ndi fyuluta basi ndi wokwanira kugula matumba angapo a feteleza. Ulendo watha ndinaipereka kwa munthu wina wokonzera m'mbali mwa msewu, fyuluta ndinachita kumugulira ndekha. Mwezi wathawu nditasuzumira kunsi ndinapeza fyuluta yakale yomwe ija, kachizindikiro ka penti kamene abwana ankaika kali pompo. Yatsopanoyo kaya inapita kuti. Ndiye ndati bola ndiphunzire ndekha.

Ndimakhala ku Cosmo City, kachipinda ka kuseri, pabwalo pake ndi potsetsereka pang'ono. Ndili ndi jeke ya m'buti ndi masipanala ochepa. Mnzanga wina akuti galimoto yakale imafuna oyilo wa 20W-50 basi. Ndi zoona? Amalowa malita angati? Nanga oyilo wakudayo ndikamtaye kuti, poti alandilodi athu safuna kuona ngakhale dontho pa njerwa zawo?

Madala_Sipanala (Turffontein):

Mphwanga, ntchitoyi muitha, ndipo RunX siivuta ngati galimoto za masiku ano zimene kunsi anaziphimba ndi mapulasitiki. Koma ndiyambe ndi jekeyo, chifukwa pa zonse mwalembazi ndi yokhayo ingakupheni. Jeke ya m'buti anaipangira kusintha tayala munthu ali pambali. Musalowe kunsi galimoto itatsamira pa jeke yokha, ngakhale kwa mphindi imodzi. Mukamakoka sipanala mwamphamvu galimoto imagwedezeka, kajeke kaja n'kupendekeka. Njerwa nazonso ayi, makamaka mabuloko a simenti a mabowo aja, amangophwanyika osachenjeza. Gulani kapena bwerekani matreselo awiri, tizitsulo ta miyendo tija amagulitsa tiwiritiwiri m'masitolo a zipangizo za galimoto ngati Midas ndi AutoZone. Pabwalo lanu lotsetserekalo pasiyeni, kafuneni malo athyathyathya. Popendekeka oyilo satuluka yense, komanso dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja, imakunamizani. Kokani handibuleki, ikani giya, matayala akumbuyo muwatchinge ndi mitengo.

Injini yanuyo ndi 3ZZ-FE, imalowa malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe. Chigubu cha malita 5 chikukwanirani, wotsalayo muike m'buti wa paulendo. Pogula fyuluta musangonena kuti RunX, nenani chaka ndi kukula kwa injini, kapena muwaonetse disiki ya laisensi ayang'ane nambala ya galimotoyo. Mafyuluta a GUD kapena Fram ali bwino, ya Toyota yeniyeni ngati thumba likulola. Mugulenso kawashala katsopano ka bawuti ya sampu, mphika wa oyilo wa kunsi kwa injini uja. Ndi ka ndalama zochepa kwambiri koma anthu amakanyozera. Kamaphwanyika pomanga kuti katseke bwino, ndiye kakale kamene kanaphwanyika kale kamayamba kudontheza.

Lizani injini mphindi zisanu zokha kuti oyilo afunde, aziyenda bwino. Osati mwangochoka kumene pa msewu waukulu wa N1, akuwotchani dzanja. Tsegulani chotsekera cha pamwamba pothirira, ikani beseni losachepera malita 5 kunsi, ine ndimagwiritsa chigubu cha malita 20 chodula mbali imodzi. Bawuti ya sampu ndi saizi 14. Gwiritsani soketi kapena sipanala yozungulira mutu wonse, yotsegula kukamwa ija imadya makona.

Apa tsono tcherani khutu. Kunsi kuli mabawuti awiri otulutsira mafuta: ya injini ndi ya giyabokosi. Pa galimoto yanuyo injini ili mbali ya dalaivala, giyabokosi ili mbali ya pasenjala, ndipo bawuti ya giyabokosi ndi yaikulu kuposa 14. Ndinalandirapo galimoto imene mwini wake anatulutsa mafuta onse a m'giyabokosi, n'kuthira malita anayi atsopano pamwamba pa akale a mu injini. Inabwera ikufuka utsi woyera, magiya akulira. Chikatuluka chinthu chosada kwenikweni, chonunkha ngati mazira owola, tsekani msanga, mwamasula polakwika.

Bawutiyo ikamasuka muimalize ndi zala mukuikankhira m'kati, kenako muichotse mwachangu, apo ayi mukaisaka m'beseni. Musiyeni oyilo akhe mpaka azingodontha limodzilimodzi. Pobwezera yambani ndi zala, ilowe yokha bwinobwino, sipanala ibwere pomaliza. Buku limati 37 Nm. Ngati mulibe sipanala yoyezera, gwirani sipanala yaifupi ndi dzanja limodzi, ikagwira muwonjezere pang'ono basi. Osaikapo paipi, osaponda ndi phazi. Mukadya mazinga bawuti imangozungulira osagwira, ndipo ndalama imene mumati musunge ithera pa sampu.

Fyuluta ili kunsi komweko chakutsogolo kwa injini, imakhala yodzaza, ndiye sunthirani beseni pamenepo musanamasule. Mukaichotsa muiyang'ane kukamwa: mphira yakuda yozungulira ija yatuluka nayo? Nthawi zina imatsalira pa injini. Mukamanga yatsopano pamwamba pake mphira zimakhala ziwiri, ndipo injini ikangolira oyilo amathamanga onse pansi m'kanthawi kochepa. Pukutani pamalopo ndi kansalu koyera, pakani oyilo watsopano ndi chala pa mphira ya fyuluta yatsopanoyo, izungulizeni mpaka mphira ikhudze, kenako muwonjezere magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi. Ndi manja okha.

Thirani kaye malita atatu ndi theka. Lizani injini osaponda mafuta, maso ali pa kanyali kofiira ka oyilo. Kayenera kuzima m'masekondi ochepa. Kakapanda kuzima, zimitsani injini pompo. Kakazima, suzumirani kunsi ngati pa bawuti kapena pa fyuluta pakunyowa. Tsitsani galimoto pansi, zimitsani, dikirani mphindi zisanu, muyeze. Oyilo akhale pafupi ndi kadontho ka pamwamba pa dipisitiki koma asakapitirire. Wochuluka amamenyedwa ndi krankishafuti n'kuchita thovu, ndipo thovu silitchinjiriza zitsulo.

Za 20W-50, mnzanuyo mumuuze kuti madala akana. Injini yanu ili ndi VVT-i, imene imagwira ntchito ndi mphamvu ya oyilo wodutsa m'timabowo ting'onoting'ono. Nambala yoyamba ija imanena mmene oyilo amayendera kukazizira, ndipo kuno ku Joni, m'mawa wa June ndi July, udzu umachita kuyera ndi chisanu. Oyilo wolemera amachedwa kufika pamwamba pa injini, ndipo nthawi imeneyo ndi imene zitsulo zimadyana kwambiri. Popeza mwati siimwa oyilo, ine ndingaike 10W-40, wolembedwa API SL kapena SN pa chigubu.

Bolt_Tembisa:

Madala, ulemu wanu, koma apa pa oyilo sindikugwirizana nanu kwenikweni. Munthuyu akupita ku Tete mu December, osati ku Sandton mu July. Amene anaimapo pa mlatho wa Zambezi masana akudziwa kutentha kwake. Ine Toyota Tazz yanga yakale inkamwa 20W-50 zaka zonse, inapita kumudzi n'kubwera osatsokomola.

Achimwene a ku Thyolo, ine changa ndi china. Oyilo ndi fyuluta musagule pa tebulo la pamsewu kapena kwa munthu wa pa Facebook amene akugulitsa theka la mtengo. Zigubu zakale ena amathiramo zina n'kutsekanso. Onani kuti chotsekera sichinadulidwepo, ndipo lisiti musunge. Lembani deti ndi makilomita pa kapepala, mumate pa chitseko kapena m'buku la sevisi. Tsiku logulitsa galimotoyo malisiti amenewo amakulankhulirani.

Kwa ena amene akuwerenga ali ndi galimoto yatsopano: kuyambira pa 1 July 2021 malangizo a Competition Commission amalola kukachititsa sevisi kugalaja yoima payokha popanda waranti kuthera pomwepo. Koma akunena galaja, yolemba zimene yachita. Toyota Corolla Quest imene ndimayendetsa ine sindiigwira pakhomo, mwini wake amafuna chidindo m'buku. RunX ya 2005 ilibe za waranti, gwirani ntchito.

Madala_Sipanala (Turffontein):

Tazz ya 1.3 ndi injini ya 2E, ya kabuleta, yopangidwa kalekale, imeneyo 20W-50 ndi chakudya chake. Si mtundu umodzi ndi iyi. Nambala yachiwiri, 40 ija, ndi imene imagwira kukatentha, ndipo ndi yokwanira. Kutentha kwa ku Tete kumafuna ladiyeta yoyera, fani yozungulira, mapaipi osafufuma ndi antifreeze m'madzimo, osati madzi a pampopi okha. Zimenezo ndi zimene aziyang'ane asananyamuke. Koma za oyilo wabodza mwanena zoona.

Ndinaiwala chimodzi. Musasinthe usiku woti mawa mukunyamuka. Chitani kudakali masabata awiri, muziyenda nayo ku ntchito, m'mawa uliwonse muziyang'ana pansi pamene yagona.

NaBanda_Midrand:

Azibambo mwatha nkhani ya masipanala koma funso lotsiriza palibe wayankha. Kwathu amasintha ndi bambo a kunyumba, wokolopa ndimakhala ine, ndiye ndiyankhe ndine.

Achimwene, chonde musathire m'ngalande ya pamsewu, m'sinki, kapena kukumba kadzenje kuseri. Ngalande za madzi a mvula sizipita kotsukira madzi. Kuno kumpoto kwa Johannesburg zambiri zimathera mu mtsinje wa Jukskei, Jukskei n'kukathira mu mtsinje wa Crocodile, mpaka ku damu la Hartbeespoort. Kumudzi tinazolowera kupaka oyilo wakuda pa mitengo ya khola kuopa chiswe, ena kuthira m'chimbudzi, ena mpaka kupaka galu wa mphere. Ngakhale kumeneko si zabwino, poti amalowa pansi mpaka ku chitsime, ndipo pa khungu ndi poizoni. Valani magolovesi a mphira, mukatha musambe ndi sopo, osati petulo.

Kuno kuli bungwe la ROSE Foundation, lakhalapo kuyambira 1994, ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti oyilo wakale watoleredwa n'kukakonzedwanso. Pa intaneti ali ndi mndandanda wa malo olandirira. Njira yachidule ndi kufunsa pamene mukugula oyilo watsopanoyo ngati amalandira wakale, kapena kupempha galaja ya pafupi, poti iwo amakhala ndi mgolo umene otolera amadzatenga. Ife timathira m'chigubu chomwe munali watsopano muja, ndi fanelo yodula ku botolo la malita awiri. Musasakanize ndi antifreeze, petulo kapena mafuta a mabuleki, akatero amakana. Fyuluta yakaleyo muizondotse pa beseni igone usiku, kenako muikulunge m'jumbo, mupite nayo limodzi.

Mwati muli ndi ana awiri. Oyilo wakudayo musamusunge m'botolo la zakumwa, ngakhale kwa tsiku limodzi, ndipo beseni lisakhale poyera.

Za alandilodi, yalani makatoni akuluakulu kunsi, awiri osanjikiza. Akatayikirabe, musathire madzi, mungomuwanditsa. Thirani mchenga kapena utuchi, mupondeponde, museseko mawa lake, kenako sopo wa mbale ndi bulashi. Ife kuno ku kompulekisi malamulo salola n'komwe kukonza galimoto poimika, moti bambo amakachitira kwa alamu awo ku Kempton Park.

Wamaluwa_Thyolo:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Matreselo andibwereka abwana, ndipo andilola kuchitira m'galaja mwawo Loweruka, pansi pake ndi pa simenti pathyathyathya. Ndagula 10W-40, fyuluta ya GUD ndi kawashala kaja. Amayi a ku Midrand, makatoni ndatola kale.

Madala, funso limodzi. Fyuluta yakaleyo yakhalitsa, ndayesa kuigwira ndi manja dzulo ili gwa. Ena akuti ndiiboole ndi sikuludalaivala n'kupotokola. Nditero?

Madala_Sipanala (Turffontein):

Musayambire pamenepo. Chitini chake ndi chopyapyala, chimang'ambika, mutsala ndi tsinde lokha lomatirira pa injini, galimoto yosayenda, Loweruka madzulo masitolo atatseka. Pukutani kaye fyulutayo iume, muikulunge ndi sandipepa mbali yokhakhala ikhudze chitini, mugwire ndi manja awiri injini ili yofunda. Ikakana, pitani mukagule sipanala ya fyuluta, ya lamba kapena ya tcheni, muigwiritse pafupi ndi tsinde pamene chitini chili cholimba. Mukaiyang'ana kuchokera kunsi imamasukira kumanzere. Ndipo muyambe mwaigwedeza fyulutayo pang'ono musanatulutse oyilo mu sampu, kuti ikakanika mukhale mukadali ndi galimoto yopitira kusitolo.