Boti likudzutsa mphuno komanso likupendekera kumanja, ndiike mchenga?

Wapanyanja: Abale ndigawireniko nzeru. Ndili ndi boti la faiba la mamita 5, injini yakumbuyo ya 40hp, ndikakhala ndekha mphuno imadzuka moti kutsogolo sindiona bwinobwino, ndiye likaima limapendekeranso kumanja pang'ono. Mnzanga akuti ndingoponya matumba awiri a mchenga kutsogolo nkhani yatha. Zoona zimenezi kapena ndingolilemetsa chabe?

Mkulu wa padoko: Achimwene musanathamangire mchenga tayang'anani kaye zomwe zili kale m'botimo. Ndikhulupirira thanki ya petulo ili kumbuyo, batire kumbuyo, injini kumbuyo, inunso mwakhala komweko, nanga mphunoyo isadzuke bwanji? Sunthani thanki ipite chapakati, nangula ndi chingwe chake kutsogolo, batire muike kumanzere poti kumanja n'komwe mumakhala. Katundu yemweyo akugwirirani ntchito ya balasti, cholemera choika m'boti kuti likhazikike bwino pamadzi, popanda kuonjezera kilo ngakhale imodzi. Ndipo mtunda umawerengedwa, makilo 20 oikidwa mamita awiri kuchokera pakati amagwira ngati makilo 40 oikidwa mita imodzi, monga ana pakatungwe wa thabwa uja. Onaninso pini yosinthira kapendekedwe ka injini, ikakhala pabowo lakutali ndi boti pulopela imakankhira kumbuyo pansi mphuno n'kukwera, ibwezeni bowo limodzi muyese.

Koma zopendekeka lili chiimirezo zandikayikitsa. Tsegulani pulagi muone ngati mulibe madzi pansi pa fulo, maboti a faiba amabisa madzi amenewo mwini wake osadziwa.

Nachisale: Akulu anena zoona. Ine ndingoonjezera kuti mukaona kuti balasti ikufunikabe, iikeni pansi penipeni ndipo muimange. Osati kungoiponya ayi. Ine ndinaphunzira movutika, ndinaika zigubu ziwiri za malita 20 koma madzi ake theka theka, mphepo itayamba funde likatimenya madzi onse amathamangira mbali yomwe tapendekera, boti m'malo mobwerera limangopitirira, mtima unali m'mwamba tsiku limenelo kkk. Chigubu chizikhala chodzadza mpaka pakamwa kapena chopanda kanthu. Ubwino wa madzi lita imodzi ndi kilo imodzi, kuwerenga sikuvuta, ndipo mukanyamula anthu mumangowataya. Mchenga ukanyowa umalemera kuposa momwe munaupimira, thumba likabooka umakatseka pampu. Mtovu ndiye wabwino pomwe malo ndi ochepa, umalemera kuposa madzi ka 11, kachidutswa kakang'ono kakwana.

Kapiteni wopuma: Nkhani ya balastiyi musaipeputse, inamiza sitima ya mfumu. Vasa ya ku Sweden mu 1628 inanyamuka ku Stockholm ulendo wake woyamba, mizinga yolemera m'mwamba, miyala ya pansi matani pafupifupi 120 okha, kamphepo kataomba inapendekeka madzi n'kulowera m'mawindo a mizinga, inamira isanayende n'komwe makilomita awiri. Anaivuula mu 1961. Sitima zikuluzikulu za lero zimapopera madzi m'mathanki apansi zikatsitsa katundu kuti pulopela isatuluke pamwamba, mpaka IMO, bungwe loona za maulendo a panyanja padziko lonse, inachita kukhazikitsa pangano mu 2004, linayamba kugwira ntchito mu 2017, chifukwa madziwo amasamutsa tizilombo kuchoka nyanja ina kupita ina. Ndapatuka pang'ono pepani, koma lamulo lake ndi limodzi ngakhale pa kaboti kanu, cholemera pansi chopepuka pamwamba.

Wapanyanja: Zikomo nonse. Ndatsegula pulagi ija a Mkulu, madzi atuluka pafupifupi ndowa ziwiri, manyazi bwanji. Kupendekeka kwatha. Thanki ndasuntha, mphuno yatsikako koma osati kwenikweni, ndiye ndikuganiza zoika zigubu zitatu kumphuno kwenikweniko.

Mkulu wa padoko: Zitatu zachuluka achimwene, yambani ndi chimodzi ndipo chisafike kunsonga. Mphuno ikalemera kwambiri imabaya funde m'malo molikwera, madzi amalowa, chiongolero chimayamba kukukanirani makamaka funde likamachokera kumbuyo. Ikani chimodzi, yendani, bwerani mupemphe munthu aime pamtunda akuuzeni momwe mzere wa madzi wakhalira m'mbalimo. Ndipo fufuzani komwe ndowa ziwirizo zinalowera, mukapanda kutero sabata yamawa mudzazipezanso.