Anyamata a pa foni atilanda anthu a ku boda, tichite chiyani Loweruka?

aMwale (tcheya wa siteji ya Mchinji boma–Mwami): Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya anyamata a pa foni ija yafika poipa, ndiye ndati tiikambe muno popeza pa siteji aliyense maso amakhala kwa pasenjala. Lero ndafika 6 koloko m'mawa, ulendo woyamba wa ku boda ndanyamuka 9 itadutsa. Anthu akangotsika minibasi ya ku Lilongwe, foni kukhutu, posakhalitsa ka Passo kapena ka Vitz kopanda nambala yofiira ya galimoto zonyamula anthu kaima kuseri kwa sitolo, awiri atatu alowa, ulendo. Ena akuwatengera ku malo ogona alendo komweko, nambala zawo anazisiya kwa alonda. Loweruka tili ndi msonkhano ndipo maganizo amene andipeza ndi awiri. Loyamba, tikhazikitse mtengo umodzi woti aliyense wonyamula anthu msewu uwu asautsitse. Lachiwiri, tiike anyamata athu pa mphambano kuti galimoto yosakhala ya pa siteji isakweze munthu. Ndisanapite nazo kumeneko ndimve kwa inu.

Yobe: A tcheya, zonse ziwiri ndavota kale. Ine mwezi wathawu ndagona ku Lilongwe masiku awiri kudikira COF (pepala losonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pa msewu) ku Road Traffic, ndalipira Road Service Permit (chilolezo choti galimoto izinyamula anthu molipiritsa), PrDP yanga (chiphaso cha dalaivala wonyamula anthu) ndinakonzetsanso, inshuwalansi ya onyamula anthu nayo siyofanana ndi ya galimoto yopita nayo ku tchalitchi. Khonsolo nayo tsiku lililonse tikiti. Ndiye wina wangobwereka galimoto ya amalume ake, alibe pepala ngakhale limodzi, akuchotsa K500 pa mtengo wathu n'kumatchedwa wachifundo. Angalephere bwanji kutchipitsa munthu woti salipira kanthu? Tiwatseke basi.

Bambo a Tadala: Yobe mphwanga, mtima uikeko pansi. Ukunena zoona pa za mapepala, koma za pa mphambanozo ine ndakana, ndipo ndikana ndi Loweruka lomwe. Ndinakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi, zitatu ndikuyendetsa galimoto ya pa app, zija anthu amaitana pa foni kudzera ku kampani ngati Uber. Mu 2017 ku Sandton a matakisi a mita ndi a pa app anafika potenthererana magalimoto. Zinayamba chimodzimodzi, anthu kuima pa geti la siteshoni ya sitima ya Gautrain n'kumati pano sunyamula. Amene anapindula ndani? Apasenjala anayamba kutiopa tonse, mabwana a kampani ali phee m'maofesi, ovulala ndi madalaivala okhaokha. Kuno mukangogwira kiyi wa munthu kapena kuphwetsa tayala, mlandu ndi wanu, ndipo iye wopanda mapepalayo ndi amene akakhale wodandaula ku polisi.

Yobe: Ndiye tizingowaonerera akudya nsima yathu?

Nabanda (msungichuma): Achimwene, ine ndilankhule ngati mwini galimoto komanso ngati munthu amene ndimakwera. Sabata yatha mlamu wanga amapita ku Chipata kukaona wodwala. Ndinamuuza kuti akwere pa siteji pathu, galimoto yanga yomwe inali yachiwiri pa mzere. Anandiyankha kuti alamu, ndikhale ola lathunthu padzuwa kudikira kuti mudzaze, kenako mundipanikize anayi kumbuyo, awiri kutsogolo, thumba la wina pamiyendo panga, ulendo wa makilomita 12 okha? Anaimba foni, anapita ndi anyamata aja, ndipo analipira kuposa mtengo wathu chifukwa anali awiri okha m'galimoto. Ndinakhumudwa koma ndinalibe poyankha. Sienta ili ndi mipando 7 kuwerengera dalaivala. Ife timakweza angati? Tisanamizane muno, tonse tikudziwa. Ndiye si onse akuthawa mtengo ayi. Ambiri akuthawa kudikira ndi kupanikizana, enanso akuthawa oitanira athu amene amalanda chikwama cha munthu asanapereke n'komwe moni.

Yobe: Mayi, osadzaza mafuta abwera bwanji? Kupita ndi kubwera ku boda ndi malita awiri, pena kuposa ngati galimoto yatopa.

Nabanda: Funso limenelo ndi lenileni, ndipo ndi limene tikanakhalira pansi m'malo mokonza ndewu.

Aphunzitsi aBanda: Ndalowa mochedwa, ndinali kumunda. Ndawerenga zonse. Ndiyambe ndi za mtengo umodzi, chifukwa a tcheya mukapita nazo pa msonkhano n'kuzilemba m'maminitsi, mwadzilembera nokha umboni. Dziko lino lili ndi lamulo la mpikisano pa malonda, loyamba linali la 1998, ndipo mu 2024 kunabwera latsopano. Amaliyang'anira ndi a Competition and Fair Trading Commission, CFTC ija mumaimva pa wailesi ikamakamba za ogulitsa shuga ndi simenti. Lamulolo limaletsa anthu ochita malonda ofanana kugwirizana mtengo, kaya ndi makampani akuluakulu kaya ndi bungwe la eni magalimoto. Limaletsanso kugwirizana kuti wina asalowe pa msika. Mafuta inde, mtengo wake amalengeza a MERA, koma chifukwa lamulo linawapatsa mphamvu imeneyo. Ife siteji sitinapatsidwe ndi wina aliyense.

Ndikudziwa wina anena kuti nanga si timalipiritsa mofanana kale. Kufanana chifukwa aliyense wawerengera mafuta ake ndi nkhani ina. Kuopseza munthu kuti ukatsitsa tikuthamangitsa ndi nkhani inanso.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene lamulo lili mbali yathu kotheratu, ndicho chimene wanena Yobe poyamba paja. Wonyamula anthu molipiritsa ayenera kukhala ndi mapepala a ntchitoyo, kaya pasenjala wam'peza pa siteji, kaya pa foni, kaya pa maliro. Foni sisintha galimoto kukhala ya pulayiveti. Ndipo si nkhani ya ndalama za boma zokha. Inshuwalansi ya galimoto ya pulayiveti siikhudza anthu okwera molipira. Tsiku limene ka Passo kaja kadzagubuduzike, Mulungu aletse, anthu ovulalawo adzauzidwa kuti pepani, galimotoyi sinalembetsedwe kuti izinyamula anthu. Pamenepo ndi pamene tiyenera kuimapo, poyera, ndi kalata.

Bambo a Tadala: Aphunzitsi mwalasa. Ndiwonjezereko za app, chifukwa ena muno akuganiza kuti mdani ndi anyamata anayi a Passo. Ku Lusaka kuli kale app yotchedwa Yango, anthu akuitana galimoto atakhala pa mpando kunyumba. Azibale athu a ku Chipata amapita ku Lusaka tsiku ndi tsiku, azolowera zimenezo, ndipo akawoloka pa Mwami amayembekeza zomwezo. Lero ndi WhatsApp, mawa idzakhala kampani yeniyeni. Ine kumene ndinali, kampani inkadula pafupifupi kotala ya ndalama ya ulendo uliwonse, mafuta ako, matayala ako, galimoto ikafa ndi yako. Ku Kenya mpaka boma linalowererapo mu 2022 n'kulamula kuti kampani isadule kuposa 18 peresenti. Ndiye ngati anthu akufuna kuitana pa foni, bwanji foniyo isakhale yathu kampani isanabwere kudzatidyera pakati?

Kondwani: Madala, ndilankhuleko ngakhale ndine mwana muno. Mmodzi mwa anyamatawo ndi msuweni wanga, wa Vitz ya siliva. Musandiyang'ane moipa. Chaka chatha anabwera pa siteji kudzapempha malo. Anauzidwa ndalama yolowera imene sakanaipeza ngakhale atagulitsa soya yense wa kwawo, ndiponso anauzidwa kuti magalimoto akwana kale. Ndiye anapita kukasiya nambala ku malojiko. Sindikumuikira kumbuyo pa za mapepala, ndamuuza kangapo kuti tsiku lina adzalira. Koma khomo tinatseka ndife.

Yobe: Magalimoto anakwanadi. Tikawonjeza ena ndiye tizinyamuka kawiri patsiku.

Aphunzitsi aBanda: Yobe, anyamatawo ali kale pa msewu, kuwakana pa siteji sikunawachotse. Kungoti pano akunyamula popanda mzere, popanda chopereka, popanda amene angawadzudzule. Ndikuuzeni za ku New York. Kumeneko mu 1937 anaika malire a chiwerengero cha matakisi, chiphaso chake amachitcha medallion. Poti zinali zochepa, mtengo wa chiphaso chimodzi unakwera mpaka kupitirira 1 miliyoni ya madola cha m'ma 2013. Anthu anatenga ngongole zoopsa kuti agule, poganiza kuti mpanda umenewo sudzagwa. Atabwera a Uber ndi anzawo, apasenjala amene anatopa ndi kusowa galimoto anasamuka, mtengo wa chiphaso unagwa, eni ake anatsala ndi ngongole. Ndalama yathu yolowera pa siteji ija ndi ka medallion kathu. Imatiteteza pokhapokha ngati pasenjala alibe kwina kopita, ndipo pano ali nako.

aMwale: Apa ndiye mwandivula malaya pagulu, chifukwa amene anamubweza mnyamatayo ndine. Chabwino. Koma musandisiye ndi mbiri ya ku America, Loweruka anthu adzafuna kumva chochita. Nabanda, za mafuta zija mwati tikhalire pansi, tiyeni.

Nabanda: Ndawerengera usiku uno ndi kope langa. Vuto la Yobe ndi loona: kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, petulo n'kufika K2,530 pa lita, zinthu sizinabwererenso, zangokwererakwerera, ndipo masipeya ndiye osanena. Koma taonani. Galimoto yodikira anthu 9 imatha maola atatu pa siteji. Yonyamuka ndi anthu 6 imadzaza msanga, ndipo ikafika ku boda imapezanso obwerera. Pa tsiku maulendo amachuluka, mashoko ndi matayala zimakhalitsa, ndipo pa rodibuloko sugunda mtima. Ine madalaivala anga awiri ndiwauza kuti kuyambira Lolemba ayese sabata imodzi, anthu 6 basi, ndidzabweretsa kope muno muone nokha. Ndikaluza ndaluza ine.

Chachiwiri, tigule foni imodzi ya siteji ndi ndalama za m'thumba la gulu, zilipo zokwanira. Nambala yake tiimate pa magalimoto onse, tikaisiyenso ku malo ogona alendo ndi kwa ma ejenti a katundu ku boda. Munthu akaimba kuti akufuna haya, ipite kwa amene ali woyamba pa mzere, akakana ipite kwa wachiwiri. Mtengo wa haya akambirane dalaivala ndi pasenjala, siteji isalowererepo. Wofuna kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba alandiridwe, osamuuza kuti kasintheni kaye.

Bambo a Tadala: Foniyo isakhale m'thumba la dalaivala aliyense, tingadane. Agwire kalaliki wa mzere, ndipo azilemba m'buku kuti yaimbidwa nthawi yanji, yapita kwa yani. Chinanso, chiyambire pamene anatsegula boda yatsopano ija mu 2022, yoti zonse umathera malo amodzi, anthu sakuchedwanso ngati kale. Munthu amatuluka msanga, ndipo akatuluka amafuna galimoto pompo. Tizikhala ndi galimoto imodzi kapena ziwiri zodikira kumeneko mosinthana, osati tonse kuunjikana pa boma.

Kondwani: Nanga msuweni wanga ndikamuuze chiyani?

Aphunzitsi aBanda: Ukamuuze kuti abwere Loweruka ndi anzake, adzamve okha. Maganizo anga a tcheya ndi awa: ndalama yolowera itsike ifike poti munthu angathe, azilipira pang'onopang'ono. Chimene tisagonjepo ndi mapepala. Tiwapatse miyezi iwiri asinthe nambala, apeze COF, permit, PrDP ndi inshuwalansi yoyenera, ndipo amene akudziwa njira za ku Road Traffic awaperekeze. Kalata yopita ku khonsolo ndi kwa apolisi a pamsewu ndilemba ine. Sitikatchulamo dzina la munthu. Tikapempha kuti aliyense wonyamula anthu molipiritsa msewu wa boma–Mwami aziunikidwa mofanana, komanso kuti khonsolo itionetse malo ovomerezeka okwezera anthu ku boda. Koma dziwani kuti kalata imeneyo ikadzagwira ntchito, adzayambira pa siteji pathu pomwe, chifukwa ndi pamene magalimoto amapezeka pamodzi. Amene COF yake inatha, kapena matayala afika poonetsa waya, akonze isanapite.

Yobe: Apa ndiye mwandiponda chala aphunzitsi, matayala anga akumbuyo ndi omwewo. Ine za miyezi iwirizo sindinakhutire, anthu amenewa adya kale zambiri. Ndipo akadzalowa pa mzere adzayambire kumapeto, asadzabwere ndi makasitomala awo a pa foni n'kumadumpha anzawo.

Kondwani: Nanga kasitomala akaimbira iyeyo mwachindunji, poti anazolowerana?

Nabanda: Ameneyo ndi wake, ngati mmene aMwale alili ndi amayi awo a zitenje aja amene sakwera galimoto ina. Koma akapita haya, malo ake pa mzere ataya, akabwera ayambire kumbuyo. Lamulo limenelo likhale la tonse, akale ndi atsopano omwe.

aMwale: Ndamva. Za pa mphambano ndazichotsa, za mtengo umodzi ndazichotsanso. Loweruka 2 koloko masana, pa siteji pomwe. Ndikupita ndi foni ya siteji, kutsitsa ndalama yolowera, miyezi iwiri ya mapepala, ndi kalata ya aphunzitsi. Za oitanira olanda zikwama tidzakambe pamaso, chifukwa ena ndi ana a anthu amene ali muno. Kondwani, uwauze anyamatawo kuti palibe amene adzawagwire, ndalonjeza ine. Aphunzitsi, kalatayo ndiione Lachisanu madzulo.

Yobe: Amene ali ndi matayala awiri a saizi 15 abwinoko andiimbire, ndibweza mwezi ukatha.