Buluu wa cyanotype akuchoka ndikamatsuka

Wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndinajambula tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission m'mamawa, dzuwa likuwomba cham'mbali kuti njerwa zioneke imodziimodzi. Ndikufuna chithunzichi chituluke mwa cyanotype, njira yosindikizira zithunzi za buluu popaka mankhwala papepala n'kuliika padzuwa, m'mphepete mwake mutazungulira masamba a mitengo ya pamishoni pomwepo. Negetivu ndinasindikiza pa pulasitiki yoonekera. Mankhwala ndinasungunula ferric ammonium citrate 25g m'madzi 100ml, potassium ferricyanide 10g m'madzi 100ml, n'kusakaniza mofanana. Padzuwa chithunzi chikubwera bwinobwino, koma ndikachiviika m'madzi buluu akufooka, chikauma chikutuwa ngati chitenje chakalekale. Mapepala 6 apita kale.

Mayi wa ku Zomba: Achimwene, mukamachotsa padzuwa chikumaoneka bwanji? Ambiri amathamangira kuchotsa akangoona buluu wokongola. Chimafunika chikhale mpaka malo oyenera kuda aoneke otuwa ngati chapserera. Mukafulumira, madzi amatenga zonse.

Wa ku Ndirande: Amayi, ndikusiya mphindi 20 dzuwa lili paliwombo, ndipo kutuwa kumeneko kukufika.

Mdala wa ku Mzuzu: Ndiye dzuwa lisiyeni, lilibe mlandu. Ndifunse ziwiri: pepalalo ndi lotani, nanga madzi mukutunga kuti? Buluu ameneyu amadana ndi chilichonse chokhala ngati laimu kapena sopo. Mapepala ambiri abwino ojambulapo ndi penti amathiramo calcium carbonate, choko chenicheni, kuti asamafiire akakalamba. Kwa wojambula ndi penti zimenezo n'zabwino, koma kwa ife choko chimenecho chimadya chithunzi. Madzi a pamjigo nawonso m'madera ena amakhala ndi laimu wambiri, mudzaona ketulo ikuyera m'kati.

Wa ku Ndirande: Bambo, mwalasa. Pepalalo ndi lodula, lolembedwa kuti lilibe asidi. Madzi ndikutunga pamjigo, ndipo beseni lake ndi lomwe timachapiramo.

Mdala wa ku Mzuzu: Beseni limenelo libwerere kwa eni ake lero lomwe. Gulani lina loti sopo asadzaligunde. Musawonongenso pepala lathunthu, dulani limodzi pakati. Theka lina muviike m'madzi othira viniga woyera kwa mphindi zingapo, mutsukuluze, liume, kenako mupake mankhwala. Theka linalo mupake momwe mumachitira. Onse awiri padzuwa limodzi, nthawi imodzi. Potsuka, madzi oyamba muthiremo viniga pang'ono, masupuni awiri pa lita. Mudzaona nokha amene akukuberani.

Chenjezo limodzi mwana wanga, ndipo ndikunena mochokera pansi pa mtima: viniga ndi wa m'madzi oviikamo pepala ndi otsukira basi. Potassium ferricyanide asakumane ndi asidi wamphamvu ngati wa m'batire ya galimoto, amatulutsa mpweya wakupha.

Mayi wa ku Zomba: Ndiwonjezere apa. Musachiweruze chikadali chonyowa, buluu amakhwima ndi mpweya, mawa lake amakhala atada. Ofulumira amadonthezera hydrogen peroxide wa ku famase m'madzi omaliza. Za masambazo zandisangalatsa kwambiri. John Herschel, wasayansi wa ku England, atatulukira njira ya cyanotype mu 1842, chaka chotsatira Anna Atkins anayamba kutulutsa buku la ndere za m'nyanja, akungoyala zomerazo papepala popanda kamera. Ndiye inu mwaika kamera pakati, njira ya mayi ameneyo m'mphepete.

Mdala wa ku Mzuzu: Ndipo tchalitchicho n'choyenera kuvutikira. David Clement Scott, m'busa amene anatsogolera ntchito yochimanga, sanaphunzire zomangamanga, anthu amene anagwira naye ntchito kuyambira 1888 mpaka 1891 anaumba ndi kuotcha njerwa pomwepo, zamaonekedwe osiyanasiyana. Buluu akafooka, choyamba kusowa ndi mithunzi ya pakati pa njerwazo, ntchito ya manja a anthu aja n'kukhala khoma losalala.

Wa ku Ndirande: Ndabwera ndi zotsatira. Theka loviika m'viniga latuluka buluu wakuda bii, njerwa za pakhomo zikuwerengeka. Linalo latuwa ngati kale, ngakhale ndatsuka m'beseni latsopano. Wakuba anali pepala. Chatsala n'chakuti masamba akutuluka osalongosoka m'mphepete, ngati pali nkhungu.

Mayi wa ku Zomba: Sakugona bwino papepala, kuwala kukulowa pansi pake. Apanikizeni m'buku lolemera masiku awiri, muike galasi lochindikala pamwamba, mumange ndi zopanira m'mbali zonse zinayi. Masamba a mitsempha yokhuthala ngati a mango asiyeni, tengani opyapyala a jakaranda.