Thandizeni kuzindikira chidindo cha senti yamkuwa yakale ya ku America

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi senti yamkuwa ya ku America, zikuluzikulu zija za mtundu wa Draped Bust zomwe ankasula ku Philadelphia kuyambira 1796 mpaka 1807. Ndikufuna kudziwa nambala yake ya Sheldon (manambala amene William Sheldon anapereka posiyanitsa masenti akalewa malinga ndi zidindo zimene anawasulira), koma khobidili lafufutika kwambiri. Pa chaka pakuwerengeka 180 basi, nambala yomaliza inatheratu.

Ndaliyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, ndaliunika ndi tochi chammbali, ndalijambula ndi foni n'kuyerekeza ndi zithunzi za pa intaneti, koma osaphula kanthu. Pasikelo likuchepera pang'ono pa magalamu 10.89 omwe latsopano linkalemera, ndiye sindikukayika kuti ndi lenileni. Kulitsuka ndiye ayi, ndikuopa kuliwononga.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi kumbuyo. Pansi pa nkhata ya masamba, pamene pamayenera kulembedwa 1/100, ine ndikuona ngati 1/000. Cholakwika chimenechi chilipo pa zidindo zina za 1801 ndi 1802, komanso pali zina zimene anazikonza pogoba 1 pamwamba pa 0 woyambayo. Mwina 1 wangayo anangoperepeseka. Timitengo ta pansi pa nkhata tonse tiwiri tikuoneka, choncho si senti ya 1801 yodziwika ndi zolakwika zitatu, yomwe imasowa kamtengo kamodzi. Palinso kamzere kotukuka pafupi ndi mawu a UNITED.

Inu odziwa, khobidi likatha chonchi mumayambira pati, malo a masamba poyerekeza ndi zilembo kapena ming'alu ya chidindo? Nanga mng'alu weniweni ndingausiyanitse bwanji ndi dzimbiri lotukuka?