Njinga ija yadzuka, abale anga

Sabata yatha ndinakufunsani za njinga yanga yakabaza yomwe imangozima injini ikatentha: ndibwerere nayo kumene ndinaigula ku Blantyre, ndipite kwa makaniko wa pa Nchalo, kapena ndiimasule ndekha? Ambiri munati ndiyambe ndekha. Ndinasintha pulagi ndi oyilo, koma ndikupita ku Ngabu inazimanso, ndipo ndinaikankha dzuwa likuswa mtengo, kasitomala atanditsika.

Za ku Blantyre ndinazisiya. Njinga yodwala singakwere phiri la pa Thabwa, kuikweza pa lole ndi ndalama ya masiku angapo, komanso galanti inatha kalekale.

Ndiye ndinapita kwa makaniko uja wa pa Nchalo. Bambowo sanathamangire kundigulitsa sipeya. Anaimvetsera kaye ikulira, kenaka anatsegula fyuluta ya mpweya. Fumbi lake linali ngati mgaiwa, mpaka ndinachita manyazi. Anatsuka kabuleta, n'kundionetsa kuti mavavu, tizitseko tolowetsa mafuta ndi kutulutsa utsi mu injini, anathina. Mavavu akathina, chitsulo chikatentha satsekanso bwino, mphamvu imathawa. Anawamasula pang'ono ndikuona.

Dzulo ndinafika ku Bangula n'kubwerako osazima. Fyuluta, tcheni ndi oyilo ndizisamalira ndekha, koma m'kati mwa injini sindigwiramo.