Kodi ulendo wokaona ngalande za nkhondo ku Vimy ndi Ypres ndi woyenera kuulipira?

Mayi Nachisale, Leeds:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Kampani ina ikugulitsa ulendo wa masiku awiri pa basi, kuchokera ku London kukaona malo amene asilikali a ku Canada anamenyerapo nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ku Vimy m'dziko la France ndi ku Ypres m'dziko la Belgium. Mwana wanga akuphunzira za nkhondoyi kusukulu ndipo wandikakamira kuti tipite, koma mtengo wa anthu awiri ukufanana ndi theka la lendi yanga ya pamwezi. Kodi ndilipire?

Bambo Gondwe, Manchester:
Mayi, ine ndikuti musalipire. Kulowa pamalo a chikumbutso ku Vimy n'kwaulere, popeza dziko la France linapereka malowo kwa Canada m'chaka cha 1922, ndipo ophunzira a ku Canada amene amagwira ntchito kumeneko amaonetsa alendo ngalande ndi njira zapansi popanda kulipiritsa. Chimene mungagule kwa kampaniyo ndi mpando wa m'basi ndi malo ogona. Ngati pasipoti yanu ndi ya ku Malawi, muwerengerenso ndalama za viza ya Schengen.

Bambo Mbewe, Coventry:
A Gondwe akunena zoona pa za ndalama, komabe ulendowo pawokha ndi wofunika, ndipo buku silingalowe m'malo mwake. Mwana akaima m'ngalande ya asilikali a ku Canada n'kuona kuti ya Ajeremani ili pafupi kwambiri moti munthu akhoza kuponyako mwala, pakati pake pali maenje akuluakulu a mabomba ophulitsidwa pansi pa nthaka, amamvetsa chifukwa chake munthu ankafa chifukwa chongosuzumira. Amamvetsanso chifukwa chake chitunda cha Vimy chinali chovuta kulanda kwa Ajeremani, popeza Afalansa anataya anthu ochuluka mu 1915 koma sanachisunge. Pa 9 Epulo 1917 magulu onse anayi a asilikali a ku Canada anamenya nkhondo pamodzi koyamba, motsogozedwa ndi mkulu wa asilikali wa ku Britain, Julian Byng. Anali atakumba njira m'miyala yoyera ya choko kuti afike kutsogolo osaonedwa, mapu anagawidwa ngakhale kwa asilikali a maudindo ang'onoang'ono, ndipo mizinga inkaponya mabomba patsogolo pawo pang'onopang'ono iwo akutsatira pambuyo. Pofika pa 12 Epulo chitunda chonse chinali m'manja mwawo, koma 3,598 anafa. Mpaka lero udzu wa m'malo ena otchingidwa umadyedwa ndi nkhosa, chifukwa m'nthaka mukadali mabomba osaphulika ndipo makina otchetchera sangapitemo.

Mayi Kalua, Glasgow:
Bambo Mbewe, nkhawa yanga ndi yakuti ngalande za ku Vimy zinakonzedwa n'kukhala zaukhondo. Matumba a mchenga amene mukuwaona lero ndi a simenti, ndipo pansi pouma bwino. Msilikali weniweni ankaima m'madzi masiku ambiri mpaka mapazi kuyamba kuwola, makoswe akumuyenda pathupi usiku, nsabwe zitadzaza m'zovala. Ku Ypres mu Epulo 1915, Ajeremani atatulutsa utsi wa poizoni, asilikali a ku Canada analibe zodzitetezera ndipo ena ankaphimba mphuno ndi nsalu zonyowetsedwa ndi mkodzo, mfuti zawo za Ross zikukana kuwombera chifukwa cha matope ndi kutentha. Zimenezi mwana sadzaziona pa udzu wobiriwira. Komanso otsogolera maulendo otere amakonda kukuza Vimy ngati kuti nkhondo inathera pomwepo, pamene inali mbali imodzi chabe ya nkhondo ya ku Arras. Miyezi ingapo pambuyo pake Arthur Currie, amene panthawiyo ankatsogolera asilikali a ku Canada, anachenjeza kuti kulanda mudzi wa Passchendaele pafupi ndi Ypres kudzapha kapena kuvulaza anthu 16,000, analamulidwabe kupita, ndipo chiwerengero chake chinatsala pang'ono kukwana ndendende.

Bambo Mbewe, Coventry:
Ndikuvomereza, mayi, ndipo n'chifukwa chake mbali ya ku Belgium ndi yofunika kwambiri. Mayi Nachisale afunse kampaniyo ngati basi imaima pa chipilala chokumbukira asilikali a ku Canada cha ku St Julien ndi pa manda a Tyne Cot pafupi ndi Passchendaele, komanso ngati adzakhala ali pa Menin Gate, chipata cha chikumbutso cha mu mzinda wa Ypres, nthawi ya 8 koloko madzulo, pamene malipenga amalizidwa tsiku lililonse kukumbukira akufa. Ngati zimenezi mulibe, asalipire.

Mayi Nachisale, Leeds:
Ndawafunsa lero. Pa Menin Gate amafika, koma ku Vimy amaimako ola limodzi lokha, lokwanira kujambulitsa pa chipilala chokhala ndi mayina 11,285 a asilikali a ku Canada amene anafera ku France koma manda awo sadziwika, ndipo m'njira zapansi salowamo. Ku St Julien sapitako. Ulendo umenewu ndausiya, koma mwana ndamulonjeza kuti tidzapita tokha sukulu ikatsekera.

Bambo Gondwe, Manchester:
Mudzakwere Eurostar mpaka ku Lille, kenako sitima ina mpaka ku Arras, ndipo kuchokera pamenepo takisi idzakufikitsani ku Vimy posachedwa. Mudzalawirire, chifukwa m'njira zapansi amalowetsamo anthu ochepa pa nthawi imodzi ndipo simungalowe popanda wokutsogolerani.